Masheya a Bambo, Maso a Amayi

"Ndiye mukundiuza kuti nyumba mazana awiri zonsezi sitinagulitse?" anafunsa bwana wa zachuma, uku akugogoda tebulo ndi cholembera. "Anthu anasaina mapepala, anapereka ndalama zoyambira, ena afika kale pa theka. Zonsezo ndi maloto?"

Mayi wochokera ku kampani yofufuza mabuku sanatekeseke. Anakankhira magalasi ake m'mwamba n'kutsegula chikalata chokhuthala chomwe anabwera nacho.

"Si maloto ayi, bwana. Kungoti malamulo a kawerengedwe ka chuma asintha, ndipo kampani iliyonse yomwe ili pa msika wa masheya iyenera kuwatsatira. Kale munkalemba phindu pang'onopang'ono makoma akamakwera. Pano zimenezo zatha. Malinga ndi mapangano anu ndi ogula, nyumba iwerengedwa kuti yagulitsidwa tsiku limene mwiniwake walandira makiyi. Ndalama zomwe anthu apereka kale muli nazo m'manja, inde, koma m'mabuku si zanu."

"Nanga phindu la chaka chino?"

Onse anatembenukira kumapeto kwa tebulo, komwe kunakhala akauntanti wa kampaniyo, mayi wosalankhulalankhula. Aliyense ankamutchula kuti Kalembera. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake ali kamwana, chifukwa ankawerenga chilichonse cha pakhomo, masupuni, machesi, ngakhale anapiye, ndipo linamutsatira kusukulu mpaka kuntchito.

"Phindu palibe, bwana," anayankha Kalembera. "Ndawerenga katatu. Pa nyumba mazana awirizo, zomwe tapereka makiyi ndi khumi ndi zinayi zokha. Mabuku aonetsa kuti taluza. Eni masheya salandira kanthu chaka chino, mwina ndi chaka chamawa chomwe."

Pawindo pankaoneka patali nyumba zosanja zomwe kampaniyo inkamanga, amisiri akukwera ndi kutsika pa mitengo ngati nyerere.

"Njerwa zomwezo, simenti yomweyo," anatero bwanayo ndi kaphwete kowawa. "Dzulo tinali olemera, lero pepala lati ndife amphawi."

Kenako anatulutsa fomu n'kuyendetsa patebulo kuti aliyense asaine.

"Zotsatira zilengezedwa pakatha milungu itatu. Kufikira tsikulo, zomwe mwamva muno zithere muno. Wina akangonong'oneza m'bale wake kuti agulitse masheya, oyang'anira msika adziwa, pakuti mayina a abale anu ali nawo. Ntchito itha, chiphaso chilandidwa, ndipo ndende ili pompo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

Kalembera anasaina. Pa mndandanda wa eni masheya a kampaniyo panali dzina la bambo ake.

Bambowo anali kapitawo wa amisiri omanga kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Atapuma pa ntchito, anzawo anagula magalimoto ndi zigayo, koma iwo anatenga ndalama zonse za penshoni n'kugula masheya a kampani yomwe mwana wawo ankagwirako. Sanafunse munthu. Ankati komwe kuli Kalembera sikungasowe ngakhale msomali. Chaka chilichonse ankalandira gawo lawo la phindu, ndipo tsiku limenelo ankavala jekete ngati akupita ku ukwati.

Loweruka Kalembera anapita kukaona makolo ake monga mwa nthawi zonse. Anapeza amayi ake pakhonde, akupinda zovala mofufuza ndi zala. Ng'ala inali itaphimba maso awo onse awiri. Chaka chathacho ankaona zithunzithunzi za anthu, koma tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

"Kalembera ameneyo," anatero amayiwo iye asanapereke n'komwe moni. "Nsapato zako zimalira ngati za mphunzitsi wamkulu. Lowa, abambo ako ndi mlongo wako akangana kuyambira m'mawa."

M'nyumba, bambo anali atayala mapepala patebulo. Mbali ina kunakhala mchimwene wake wamkulu, yemwe ankagulitsa matayala m'mphepete mwa msewu waukulu.

"Wafika mwini mabuku!" anatero bambo mwansangala. "Khala apa utiweruze mlandu."

Nkhani yake inali yotere. Ku chipatala chaulere mndandanda wa odikira opaleshoni ya maso unali wautali kupitirira chaka. Ku chipatala cholipira dokotala anali atawapatsa tsiku, pakatha milungu isanu. Bambo akanagulitsa masheya awo Lolemba, ndalama ikanakwana maso onse awiri n'kutsalako yochepa. Koma iwo ankafuna kudikira zotsatira za kampani, kuti alandire kaye gawo lawo la phindu. Komanso zaka zonse mtengo wa masheya unkakwera zotsatira zikangolengezedwa.

"Ine ndikuti gulitsani Lolemba," anatero mchimweneyo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

"Iwe mphepo yomwe umadziwa ndi ya m'matayala basi," anayankha bambo. "Milungu itatu ndi chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Maso a nkhonowo muziwaona nokha," anafuula amayi kuchokera pakhonde. "Ine ndikufuna anga."

Onse anaseka, kupatula Kalembera.

"Dzana ndinapita komwe akumangako," anapitiriza bambo, atatsitsa mawu ngati akuulula chinsinsi. "Mlonda amandidziwa, anandilola kulowa. Ndagogoda makoma, ndayang'ana makona, ndagwira pulasitala. Khoma labodza ndimalidziwa ndili patali. Anthu amenewa akumanga zenizeni. Kampani yotere ingagwe bwanji?" Kenako anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi. "Nanga iwe ukuti bwanji? Ndigulitse kapena ndidikire?"

Kalembera anayang'ana manja a bambo ake omwe anali patebulo, okhakhala, zala zopindika ndi ntchito. Liwu limodzi lokha likanakwana. Linafika pakhosi, analimva likukankha mano.

"Bambo, funso limenelo sindingayankhe. Ndinasaina pepala. Mpaka zotsatira zilengezedwe sindiloledwa kunena kanthu, kabwino kapena koipa."

"Ngakhale kwa bambo ako okubala?" anafunsa mchimwene wake.

"Makamaka kwa iwo, achimwene."

Bambo anaomba m'manja kamodzi, nkhope itawala.

"Mwamuona mwana woleredwa bwino? Ndi chifukwa chake ndinaika ndalama zanga kumeneko. Basi, ndamva. Kukanakhala moto, mwana wanga sakanandisiya kuti ndipse."

"Bambo, chonde, kukhala chete kwanga musakutenge ngati yankho."

"Ndamva, ndamva," anatero bambo uku akumutsinzinira diso. Anasonkhanitsa mapepala aja n'kuwabwezera mu envelopu.

Milungu itatu imeneyo Kalembera anaiyenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzadza pakati pa anthu othamanga. Masana ena, ali yekha mu ofesi, analemba pa foni kuti, "Bambo, mverani achimwene." Mawu atatu okha, osatchula kampani, osatchula phindu. Anawayang'ana mpaka tiyi wake anazizira. Koma ankadziwa kuti munthu wa dzina lofanana ndi lake akagulitsa masheya ake onse zotsatira zoipa zili pafupi, palibe woyang'anira msika amene angakhulupirire kuti zangochitika. Anaganiza za ana ake awiri omwe ankawalera yekha chimwalirireni mwamuna wake. Anaganizanso za munthu amene akanagula masheyawo, mwina mkulu wina wopuma pa ntchito, wovala jekete ngati bambo ake, wopanda mwana mu ofesi yoti amunong'oneze. Anafufuta uthengawo.

M'mawa mwake anapita kwa bwana wa zachuma n'kuwafotokozera zonse.

"Kodi palibe chilolezo cha munthu amene ali ndi wodwala?"

"Bambo anu akanagulitsa paokha inu musanamve za mabukuwa, palibe akanafunsa," anatero bwanayo. "Koma pano, atakufunsani kale? Mayi, lamulo silidziwa kuti kunja kuno kuli matenda."

"Nanga kampani singandibwereke malipiro a miyezi ingapo?"

Bwanayo anatambasula manja. "Mabuku mwalemba ndinu. Mukuona muli chobwereka?"

Loweruka lotsatira Kalembera sanapite kwa makolo ake. Anati ntchito yachuluka. Linalo anati mutu.

Zotsatira zinalengezedwa Lachinayi m'mawa. Pofika masana mtengo wa masheya unali utatsika ndi theka, ndipo Lachisanu unatsikanso. Nyuzi zinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kampani yomanga nyumba yaluza. M'munsi, ndi tizilembo tating'ono, munali mawu ofotokoza kuti nyumba zikumangidwabe ndipo phindu lidzaoneka makiyi akadzaperekedwa. Tizilembo timeneto palibe anafika poti atiwerenge. Mabanki omwe anabwereka kampaniyo ndalama anayamba kuchita mantha. Ntchito yomanga inachepetsedwa, amisiri ambiri anauzidwa kuti akakhale kaye kunyumba, ndipo a mu ofesi anadulidwa malipiro.

Loweruka limenelo Kalembera anapita. Amayi sanali pakhonde. Mchimwene wake ndi amene anamuchingamira pakhomo, maso ali psuu.

"Wabwera kudzawerenga chiyani? Zatsala n'zochepa, sizikuvuta."

"Achimwene, ndiloleni ndilowe."

"Amati chibale ndi fupa, sichiola. Chako chinaola liti? Unakhala pampando uwo, bambo akukufunsa m'maso muli gwa, iwe n'kumati pepala, pepala! Pepala limenelo linakuyamwitsa? Tauni yonse ikudziwa kuti mlamu wa mmodzi wa mabwana anu anagulitsa masheya ake onse milungu iwiri yapitayo. Iyeyo analota?"

Kalembera anaweramitsa mutu. Nkhaniyo inali yoona. Dzinalo anali ataliona yekha m'kaundula, ndipo ndi iye amene analitumiza kwa oyang'anira msika.

"Zimenezo akufufuza," anatero chapansipansi.

"Akufufuza! Iye ndalama ili m'thumba, ife tidye kafukufuku?"

"Musiye alowe," anamveka mawu a bambo kuchokera m'kati.

Anawapeza atakhala pa mpando womwe uja, envelopu ili pamiyendo. M'milungu itatu yokha ankaoneka ngati akalamba zaka zisanu. Amayi anali pakona, manja atawaika pamaondo. Kalembera anagwada pafupi ndi tebulo ngati kamtsikana.

"Ndifunse chinthu chimodzi," anatero bambo. "Tsiku lija unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Zonse?"

"Zonse."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Koma makoma aja ndinawagogoda ndekha. Kodi makutu anga ndi amene afa?"

"Makoma ali bwino, bambo. Palibe chabodza pamenepo. Chasintha ndi tsiku lolembera phindu basi. Nyumba zikatha, eni ake akalandira makiyi, phindu lonse lidzalowa m'mabuku. Mukanatha kudikira zaka ziwiri, mtengo ukanabwerera."

"Zaka ziwiri," anabwereza bambo. Anacheukira pakona pomwe panali mkazi wawo. "Ine ndi amayi akowa zaka ziwiri timazitenga kuti? Amagulitsa kumsika kwanuko?"

Misozi ya Kalembera inali itayamba kudontha pa siketi yake.

"Usalire," anatero bambo. "Sunalakwe. Ndinakuphunzitsa ndine kuti chingwe chikati khoma lapindika, umagumula, ngakhale lomanga m'bale wako. Iweyo," analoza mwana wawo wamwamuna, "usadzamunenenso mlongo wako pakhomo panga pano. Wamva?"

Mchimweneyo anatuluka. Bambo anasisita envelopu ija ndi chala chachikulu. Pamene analankhulanso, mawu awo anali otsika moti Kalembera anachita kutchera khutu.

"Sunalakwe, mwana wanga. Koma ndisakunamize. Kamodzi kokhaka, ndikanakonda ukanalakwa."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipa konse kwa mchimwene wake.

Lolemba bambo anavala jekete lawo n'kupita kukagulitsa masheya onse. Anakana kuperekezedwa. Kalembera anapita ku banki, koma a ku bankiko atangoona dzina la kampani pa pepala la malipiro ake, anamubwereka kachigawo kochepa ka zomwe anapempha. Anagulitsa firiji ndi makina osokera omwe mwamuna wake anamugulira. Mchimwene wake anabweretsa ndalama zake m'kapepala ka pulasitiki n'kuziika patebulo osayang'ana munthu. Ataphatikiza zonse, zinakwana diso limodzi, mankhwala ndi thiransipoti.

Dokotala anali munthu wachifatse. Anawunika maso onse awiri ndi katochi, kenako anati ayambe ndi lamanzere, chifukwa ndi lomwe linali ndi mwayi waukulu. Lamanja likalembetsedwe pa mndandanda wa ku chipatala chaulere, ngakhale sakanalonjeza kuti podzafika nthawiyo lidzakhala likadali lochizika.

"Lamanzere lili bwino," anatero amayi. "Ndi lomwe ndinkaonera bambo awa akamazemba kupita ku bawo. Lamanjali ndi laulesi kuyambira kale."

Dokotala anaseka. Bambo anayesa kuseka nawo, koma zinakanika.

Opaleshoni inachitika Lachiwiri. Lachitatu m'mawa onse anabweranso kudzaona akuchotsa bandeji. Chipindacho chinali chaching'ono, cha bedi limodzi ndi mpando umodzi. Bambo anakhala pampandopo, chipewa chili m'manja. Mchimwene anaima kumiyendo kwa bedi. Kalembera anatsalira pafupi ndi chitseko, atatsamira khoma. Chiyambireni tsiku lija ankabwera kwa makolo ake, kuchapa, kuphika, kusesa, koma ankakhala ngati mlendo, osayang'ana munthu kumaso.

Namwino anamatula bandeji pang'onopang'ono n'kupukuta diso ndi thonje. Amayi anaphethira kangapo. Misozi inatsika tsaya limodzi lokha. Anayang'ana denga, kenako windo, kenako manja awo omwe, akuwatembenuza uku ndi uku. Pomaliza anatembenukira kumpando.

"Inu bambo," anatero, "mwakalamba chonchi osandiuza?"

Namwino anaseka mpaka kugwira pakamwa. Bambo anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndinkaopa kuti mundithawa," anayankha.

Amayi anayang'ana mwana wawo wamwamuna n'kumuuza kuti ndevu zimenezo akamete lero lomwe. Kenako anayamba kutembenuza mutu wonse, kufunafuna.

"Nanga mwana wanga wamkazi ali kuti? Ndamva nsapato zake polowa."

"Ndili pano, amayi."

"Kumeneko sindikuona, kukadali mdima. Zungulira ubwere mbali ino."

Kuti afike kumanzere kwa bedi, Kalembera anayenera kudutsa pomwe panaima mchimwene wake. Mchimweneyo anazengereza pang'ono, kenako anasuntha n'kumupatsa njira. Iye anafika n'kugwada pambali pa bedi. Amayi anamugwira chibwano, n'kukweza nkhope yake ku kuwala kwa pawindo. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo limodzilo, lofiira, lonyowa, kuyambira pamphumi mpaka pakhosi pomwe mafupa anali atatuluka.

"Mayo ine," anatero. "Anthu inu, mwanayu simumamuona? Muli ndi maso awiriawiri nonsenu." Anamusisita tsaya ndi chala. "Waonda, mwana wanga. Katundu ameneyu unasenza wekha milungu yonseyi?"

Kalembera anaika mutu pa bulangeti n'kulira kulira komwe anakumeza kuyambira tsiku losaina pepala lija. Amayi sanamuletse. Anangoika dzanja pamsana pake. Mchimwene wake anayang'ana pansi, akukanda simenti ndi nsonga ya nsapato.

Bambo anakhala pampando kanthawi ndithu. Kenako anadzuka, navala chipewa chawo, n'kutuluka kukafunsa namwino kuti kalata yokalembetsera diso linalo amaitenga pa ofesi iti.